Mutu 6: Nyanga ya Sitima

1. Zala za wothyola tiyi

Chaka chimene Douglas anabwerako ku Halale ndi gitala kumsana, anyamata a pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo anasiya kumva za makolo awo. Munali m'zaka za m'ma 1930, nthawi ya thangata, pamene munthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lake. Chisangalalo chinali chosowa. Ndiye wina n'kutulukira ndi bokosi loimba, chipewa chili chopendekeka, kumapazi nsapato zoyera! Atsikana ankaiwala mitsuko pachitsime.

Mwa onse amene anapenga nacho chinthuchi, wopengetsetsa anali Zakeyu, mwana wa a Muhiwa oyendetsa ngolo ya esiteti. Anali mnyamata wamakutu akuthwa pa nyimbo koma ogontha pa malangizo. Akaweruka kothyola tiyi ankathamangira kwa Douglas kukamtungira madzi, kumchapira malaya ndi kumpukutira nsapato zija. Malipiro ake kunali kugwirako gitala dzuwa lisanalowe.

Kuimba ankatha, tisamunamizire. Vuto linali zala. Tiyi amathyola ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo m'dzinja zala ziwirizi zimang'aluka, zikhadabo n'kutha ngati zadyedwa ndi chiswe. Zingwe za gitala ya Douglas zinali zachitsulo. Zakeyu akaimba pang'ono, magazi ankatsalira pa zingwe.

Douglas analibe vuto limeneli. Anali ndi kachidutswa kolimba, kosalala, kamene ankakhwachira zingwe. Ankakatcha chikhadabo cha gitala, ndipo sankabwereketsa munthu.

Zakeyu anayesa kusema chake. Cha nsungwi chinang'aluka. Cha chipanda chinanyenyeka. Lachisanu lina anabwera ndi cha chitini cha palafini, ndipo atangokhwacha kawiri chingwe chinaduka kuti thwa! Douglas anamuwomba khofi pamaso pa atsikana, atsikanawo n'kuseka mpaka kugwirana mapewa.

"Pepani, achimwene," anatero Zakeyu atagwira tsaya.

"Pepani salumikiza chingwe, galu iwe," anayankha Douglas. "Tamvera. Loweruka la sabata yamawa kuli ukwati ku Chimaliro. Ine ndikaimba banjo, ndiye ndikufuna wa gitala. Mulipo awiri, iwe ndi mnzako Winston. Amene abwere ndi chikhadabo chenicheni ndi amene apite nane. Chikhale cha nyanga ya ng'ombe, chotambalala ngati zala ziwiri, chokhuthala choti ukachipinda chisakumvere. Chopyapyala chimalira ngati udzudzu. Chokhuthala ndicho chimadzutsa nkhalamba pamphasa. Ukalephera, uzingonditsukira nsapato mpaka ndevu."

2. Kwa Che Swaibu

Mawa lake, ataweruka masana, Zakeyu anauyamba ulendo wa ku Bvumbwe. Kumeneko kunali Che Swaibu, bambo wogulitsa nyama pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Anawapeza akutsuka mipeni, nyama itatha.

Che Swaibu atamva chimene mnyamatayo wadzera anaseka. "Wachedwa, mwanawe. Nyanga za lero atenga osema zosungira fodya wam'mphuno. Ndiphanso mwezi ukatha. Udzabwere udzandigwirire mwendo posenda, ndidzakupatsa ziwiri zaulere. Ukatenga umaiwiritsa ifewe, n'kuing'amba, n'kuipanikiza pakati pa miyala mpaka iwongoke. Ukatero udzasema zikhadabo zokwana mudzi wonse."

"Mwezi ukatha ukwati udzakhala utapita," anatero Zakeyu. Anakanda pansi ndi chala chakuphazi, kenaka n'kufunsa, "Nanga ya ng'ombe yamoyo, munthu atangodulako pang'ono?"

Che Swaibu anaika mpeni pansi. Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Tandiyang'ana kuno. Ine ng'ombe ndayamba kupha iwe usanabadwe, koma yamoyo sindinaidulepo nyanga. Anthu amayesa nyanga ndi mtengo wouma. Si choncho. Youma ndi nsonga yokha, kachigawo kakang'ono, ndipo nsongayo ndi yowonda, sungasemepo chotambalala. Pamene nyanga yatambalala, pamene iwe ukupafunapo, m'kati mwake muli fupa lamoyo, muli magazi, muli njira yofika m'mutu. Ukadula pamenepo ng'ombe imamva ngati ukuiboola diso. Ngakhale yofatsa chotani imasanduka chilombo, ndipo mwini wake yemwe imamuiwala. Ntchentche zikadziwa, mphutsi zimalowa mpaka ku ubongo. Ine popha ndimatchula dzina la Mulungu, mpeni ndimanola kuti nyama isazunzike. Iwe ukufuna kuizunza ili moyo chifukwa cha gule? Maukwati satha, mwanawe. Ukaphonya uwu, kubwera wina. Dikira mwezi uthe."

Zakeyu anathokoza mwaulemu, manja ali pachifuwa. Za kuwiritsa ndi kupanikiza anafika nazo kunyumba. Zinazo anazisiya mumsewu.

3. Mawu a Muhiwa

Lamulungu ng'ombe za ngolo sizinkagwira ntchito. A Muhiwa anali mkulu wa mpingo, choncho tsiku limeneli Zakeyu ndi amene ankazidyetsa kudambo. Zinalipo ziwiri, ndipo yaikulu, yakuda, yanyanga zotambalala, ankaitcha Sitima chifukwa cha kukoka kwake. Inali yofatsa moti ana ankadutsa pansi pa mimba yake.

M'mawa umenewo a Muhiwa anaona kuti mwana wawo akuyang'ana Sitima nthawi yaitali. Sanadziwe chifukwa chake, koma mtima wa kholo sulephera kununkhiza. Anamuitana n'kumuonetsa zikhatho zawo, zimene zinali ndi zipsera zakale.

"Zakeyu, waziona izi? Ndi za thabwa la Apwitikizi. Ankatimenya m'manja mpaka khungu kusupuka chifukwa chosakwanitsa mtolo. Ine ndi amako tinathawa iwe uli kumsana, tinadya mizu, mkulu wako tinamukwirira panjira popanda mwambo. Kwathu kuja kulibenso kwathu. Ndikabwerera, dzina langa akulidziwa, andimanga unyolo. Kunonso malo si athu. Nyumba iyi, chimanga icho, nthochi zimene anabzala amako, zonse zili pa dothi la mzungu. Tikukhalapo chifukwa ine ndimasamala ng'ombe zake. Ng'ombe imeneyi ndi denga lathu, ndi munda wathu. Ikatsimphina, ifenso tatsimphina. Ndikuona masiku ano mutu wako uli kwa Douglas. Douglas alibe mkazi, alibe munda, akalakwa amangonyamula bokosi lake n'kukwera sitima. Ife tinyamula chiyani, tipita kuti? Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Anamvadi. Koma sowo yodulira mitengo ya tiyi inali kale m'malaya mwake.

4. Kudambo

Belu la tchalitchi litasiya kulira, kudambo kunalibe munthu. Zakeyu anatulutsa kamchere m'thumba. Sitima inabwera yokha, ikupukusa mchira, n'kuyamba kunyambita chikhatho chake. Ili mkati monyambita, iye anaikulunga chingwe m'mutu n'kuimangirira ku mtengo, monga ankachitira bambo ake pochotsa nkhupakupa. Ng'ombeyo sinakane. Inkamudziwa.

Anaika sowo pa nsonga, n'kuyeza ndi zala. Panali powonda. Anatsitsa pang'ono. Panali pa chala chimodzi. Anatsitsanso, mpaka zala ziwiri zinakwana bwinobwino, ndipo anawonjezerako kuti Winston asamupose.

Poyamba sowo inkayenda ngati pa mtengo wouma, fumbi loyera likugwa. Sitima inangogwedeza khutu. Kenaka fumbi lija linasanduka lofiira.

Kulira kumene inalira ng'ombe ija, Zakeyu anali asanakumvepo. Inadumpha, inagwada, inakoka chingwe mpaka mtengo kugwedezeka. Mnyamata wanzeru akanasiyira pomwepo. Zakeyu anaona kuti patsala pang'ono, ndiye anaponda chingwe n'kupitiriza kucheka, ng'ombe ikutulutsa lilime, maso atatembenuka. Itapotoza mutu mwamphamvu, nyanga inathyoka yokha n'kugwera mu udzu. Magazi anathovoka n'kumuthira kumaso.

Anatapa matope n'kumata pabalapo. Matope anagwa. Anamatanso. Atatha anakasamba kumtsinje, nyanga n'kuibisa pansi pa mwala. Pomasula chingwe, Sitima inamuthawa, ikunjenjemera thupi lonse.

Madzulo a Muhiwa anaima pakhola nthawi yaitali, akuyang'ana mutu wa Sitima.

"Inakodwa pa mtengo, ababa," anatero Zakeyu asanafunsidwe.

A Muhiwa anapukuta matope aja ndi chala n'kuona mizere ya mano a sowo. Anayang'ana mwana wawo, kenaka anayang'ana pansi. "Mtengo wake ndi wamano abwino," anatero. Anasungunula phula, anamata pabalapo, n'kumanga ndi chigamba cha malaya awo a kutchalitchi. Tsiku limenelo sanadye.

5. Pa mlatho

Tiyi sadikira. Masamba akathyoledwa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, apo ayi amapsa okha m'matumba. Lolemba m'mawa a Muhiwa anapita kwa Kapitawo Stewart, woyang'anira antchito, kukapempha kuti Sitima ipume chifukwa yavulala. Kapitawoyu ndi a Muhiwa sankamwerana madzi. Anakanganapo za kudzaza ngolo mopitirira muyeso, ndipo tsiku limenelo a Muhiwa anati, "Mulungu akuona." Kapitawo anawasunga mawuwo ngati chiopsezo.

"Ng'ombe imakoka ndi khosi, osati ndi nyanga," anatero Kapitawo osapita n'komwe kukaiona. "Mangani goli."

Njira ya ku fakitale inkatsetsereka mpaka pa mlatho wamitengo. Ngolo itafika pakati pa chitsetserekocho, chingwe chowongolera chinakhudza pabala paja. Sitima inapenga. Inakoka inzake, inagwetsa a Muhiwa, ndipo ngolo yonse inaphonya mlatho n'kugubudukira mumtsinje. Matumba a tiyi anayandama. Sitima inagona pamiyala, mwendo wakutsogolo utathyoka, fupa lili panja.

Othyola tiyi onse anathamangira komweko, Zakeyu ali pakati pawo, dengu lili kumsana. Mzungu wa esiteti anafika pa njinga yamoto, anayang'ana kamodzi, n'kutumiza munthu kukatenga mfuti. Sitima inkayesabe kudzuka pamene anaiwombera.

Kapitawo Stewart anatsikira mumtsinje n'kumasula chigamba chija. Ataona podulidwa ndi sowo anabwerera m'mbuyo ngati waponda njoka.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Iyi sinathyoke yokha. Aidula!"

Anthu anayamba kunong'onezana. Masiku amenewo aliyense ankadziwa ntchito ya nyanga yodulidwa mobisa: amaikamo mankhwala olodzera anthu. Ndipo ya ng'ombe yamoyo, ankati, ndiye yoopsa koposa.

6. Chikoti

A Muhiwa anawagoneka chafufumimba pabwalo la fakitale, antchito onse ataimitsidwa kuti aonerere. Kapitawo anagwira yekha chikoti cha chikopa cha mvuu.

"Wadula nyanga ndani?"

"Ng'ombe ndimasunga ndine," anayankha a Muhiwa.

"Sindinafunse wosunga. Ili kuti? Ukufuna kulodza ndani, ine?"

A Muhiwa anagoneka tsaya pansi. Chikoti chinatsika. Chinatsikanso. Malaya anang'ambika, msana unatseguka. Mayi Esnat, amake a Zakeyu, anadzigwetsa pansi akulira, koma panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anawagwira. Anthu amene dzulo lake ankaimba nawo nyimbo m'tchalitchi anayamba kukumbutsana za mwana wa uje amene anamwalira mwadzidzidzi, ndi za mkazi wa uje amene anapita padera. Mkulu wa mpingo anasanduka mfiti dzuwa lisanapendeke.

Zakeyu anaima kutsogolo penipeni. Mawu awiri okha, akuti "ndine, bwana," akanaimitsa chikoti. Pakamwa pake panatseguka, koma ataona mmene chikopa cha mvuu chimadyera mnofu, panatsekekanso. Bambo ake anatembenuza mutu n'kumuyang'ana kamodzi, kenaka anatseka maso.

Dzanja litatopa, Kapitawo analankhula ndi mzungu pambali, n'kubwera ndi chigamulo.

"Bwana akuti ng'ombe udzailipira ndi thangata mpaka imvi. Zimenezo ndi za Bwana. Zanga ndi izi: nyanga ija ifike m'manja mwanga mawa belu la ntchito lisanalire. Ifike yathunthu, yopanda kanthu m'kati, anthu onse aione kuti sinagwire ntchito. Ikatero mukhala. Ikapanda kutero, nyumba ija ndiyatsa ndekha."

Anthu awiri anawanyamula a Muhiwa mpaka pakhomo, n'kuwasiya panja osalowa m'nyumba. Mayi Esnat anawatsuka mabala ndi madzi amchere. Ali chigonere chafufumimba, a Muhiwa analankhula moyang'ana khoma, ngati akuuza khomalo.

"Amene akudziwa kumene kuli nyanga aibweretse kwa ine. Sindifunsa dzina. Ndikaipereka ndekha, ndikanena kuti ndinadula ndine chifukwa inkakola m'goli. Zikoti zina zikatsala ndidzalandira, msana wazolowera. Ingobwera monga inalili, tipulumutse nyumba."

Kholo lingachitenso chiyani kuposa pamenepa? Khomo analitsegula, mlandu anausenza, chotsala chinali kuyenda kukafika pa mwala uja ndi kubwerako.

7. Kamodzi kokha

Zakeyu anapitadi kumtsinje dzuwa likadalipo. Anavundukula mwala, nyanga anaipeza. Anaitsuka n'kuyamba kubwerera.

Njira yake inkadutsa kuseri kwa nyumba ya Douglas, ndipo kumeneko gitala inkalira. Anasuzumira pa mpanda. Woimba anali Winston, atsikana atamuzungulira, Douglas akumuwongolera zala.

Zakeyu anaima. Anayang'ana nyanga ija, kukula kwake, kukhuthala kwake. "Ndingochotsapo kamodzi kokha," anadziuza. "Ndani angaone?"

Anabwerera kumtsinje, anasonkha moto, n'kuwiritsa nyanga m'chitini. Itafewa anachotsa fupa lam'kati, n'kudula chidutswa m'mphepete motambalala muja. Anachipanikiza pakati pa miyala, anachisema, n'kuchinola pa mwala wosalala mpaka chinayamba kunyezimira. Anayesa kuchipinda. Sichinamumvere. Kunena zoona chinali chikhadabo chokongola, choposa cha Douglas, ndipo mnyamatayo anamwetulira, bambo ake ali chigonere ndi msana wotseguka.

Kumwetulirako kunatha atayang'ana chotsala. Nyanga inali itada ndi utsi, yabowoka m'kati, pakamwa pake pali chibanthu. Kupita nayo kwa bambo ake ili chonchi kunali kuwauza kuti ngakhale atamva mawu awo, iye anasankha gule. Manyazi anamugwira, ndipo manyazi ndi mantha zikakumana zimabala uchitsiru.

Anatola fupa lija ndi tizidutswa tonse tosemedwa n'kutibwezera m'kati, kuti pasasowe kanthu. Kuti tisatayike anatseka pakamwa ndi kansanza, n'kumanga ndi luzi. Mbandakucha, anthu asanadzuke, anakaiika pakhomo pa Kapitawo Stewart n'kuthawa. Mumtima mwake ankati wabweza.

Mwana wokulira kuno, woyamwa nkhani za kuno, n'kuika nyanga yakuda, yodzaza, yomanga ndi luzi, pakhomo pa munthu! Ngakhale mfiti yeniyeni ikanachita manyazi kuonetsa poyera chotere.

8. Moto

Woyamba kuiona anali mkazi wa Kapitawo, potuluka kukatunga madzi. Kukuwa kwake kunadzutsa esiteti yonse. Panalibe amene anaikhudza ndi dzanja. Anaigubuduza ndi ndodo, ndipo itagubuduka, m'kati munamveka kuti wayawaya.

"Mwamva?" anakuwa Kapitawo. "Ndinati abweretse yopanda kanthu m'manja mwanga. Iye wandibweretsera imfa pakhomo pa ana anga!"

Belu la ntchito silinalire nthawi yake tsiku limenelo. Khamu linapita kwa a Muhiwa, ndipo patsogolo panali anansi awo enieni. Anawakokera panja ali ndi mabala aja. Amuna analowa m'munda ndi zikwanje n'kugwetsa chimanga chimene chinali chitangomasula ngaiyaye. Nthochi za Mayi Esnat anazidula. Kapitawo anasunga lonjezo lake, anayatsa denga ndi dzanja lake.

Mayi Esnat anapulumutsa mphasa, khasu ndi mphika umodzi. Ana awo aang'ono awiri anawakangamira miyendo. A Muhiwa anaima motsamira ndodo, akuyang'ana nyumba imene anamanga ndi manja awo ikugwa.

"Dzuwa likafika pamutu ndisakuoneni pa dothi lino," anatero Kapitawo. Kenaka analoza Zakeyu. "Uyu yekha akhoza kutsala ngati afuna. Tiyi waphuka, manja akuchepa. Mwana alibe mlandu."

Mawu amenewa anamulasa Zakeyu koposa chikoti, koma ngakhale pamenepa sanatsegule pakamwa.

9. Pamalire a esiteti

Anayenda pang'onopang'ono m'kanjira kodutsa m'minda ya tiyi, a Muhiwa akupuma pafupipafupi. Panalibe wowaperekeza. Zakeyu ankabwera pambuyo atasenza mphasa. Atafika pamene tiyi anathera, pa msewu wolowera kum'mawa kumene anachokera kalekale, a Muhiwa anaima n'kutembenuka.

"Tula mphasayo. Tsopano ndionetse."

"Chiyani, ababa?"

"Chimene wagula."

Dzanja la Zakeyu linalowa m'thumba. A Muhiwa analandira kachidutswa kaja n'kukaika pachikhatho chawo. Anakatembenuza. Anayesa kukapinda. Mayi Esnat ataona anagwira pakamwa n'kukhala pansi mumsewu, pakuti mpaka nthawi imeneyo sankadziwa.

"Ndi kameneka?" anafunsa a Muhiwa. "Konse ndi kameneka?"

Zakeyu anagwada, misozi ikutsika. "Ababa, ndalakwa. Ndikataya. Ndibwerera ndikanene kwa Kapitawo kuti ndinali ine."

"Ukanene tsopano? Denga libwerera? Chimanga chidzuka?" A Muhiwa anamutsegula dzanja, anamuikamo chikhadabo chija, n'kumufumbatitsa ndi manja awo onse awiri. "Usataye. Ng'ombe yafera kameneka. Msana wanga wapita, dzina langa lapita, amako agona patchire lero. Chinthu chodula chotere sataya. Dzulo pabwalo sindinakudandaule, unali mwana woopa chikoti. Koma madzulo ndinakupempha, ndipo unamva. Tsala, uziimba."

"Abambo ake, ndi mwana," analira Mayi Esnat. "Tisamusiye."

"Kumene tikupita kukufunika munthu woti ndikagona andiyang'anire ana. Uyu sindingamusiyire ngakhale nkhuku."

A Muhiwa anatola okha mphasa ija n'kuiika paphewa losatupa. Anayamba kuyenda, ana ali pambuyo. Mayi Esnat anayang'ana mwamuna wawo, anayang'ana mwana wawo, ndipo anadzuka n'kutsatira ana aang'ono, akucheuka pa sitepe iliyonse.

Zakeyu anathamanga kuwalondola. A Muhiwa anaima osatembenuka.

"Ukaponda phazi lina, ine ndikhala pansi pompano mpaka dzuwa lifike pamutu, Kapitawo adzandipeze. Sankha."

Zakeyu anaima. Anawayang'ana akutsika chitunda, akuchepa, mpaka msewu unakhota. Kumbuyo kwake belu la ntchito linayamba kulira, ndipo munthu wina ankaitana dzina lake kuti akatenge dengu. Pa esiteti yonse imene inawotcha nyumba ya bambo ake, khomo limene akanagogoda madzulo amenewo linatsala limodzi lokha, la Douglas.